Sukulu ndi ya Mpingo, Mphunzitsi ndi wa Boma: Nanga Mwana?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, IKWERE KENAKA ITSIKE)

MUULUTSI: Lero tikamba za chipembedzo m'sukulu zomwe zimayendera ndalama za boma. Ndi nkhani yomwe anthu ambiri amaiyankhula monong'ona, koma yafikitsapo anthu kubwalo la milandu, ndipo kwina idayatsitsa moto weniweni.

Mukakhala pa basi kapena pa kabaza, muzitaya maso pa zikwangwani za sukulu za m'mbali mwa msewu. Pamalembedwa dzina la mudzi, la phiri kapena la mtsinje, kenaka pamatsatira timalembo: CCAP, Catholic, Anglican, SDA, pena Islamic, pena LEA. Timalembo timeneti tikukuuzani mwini sukulu. Koma lowani m'kalasi, mufunse mphunzitsi amene wagwira choko kuti malipiro ake amachokera kuti mwezi ukatha. Akuyankhani kuti kuboma. Silabasi ndi ya boma, mabuku ndi a boma, mayeso ndi a MANEB. Malo ndi makoma ndi a mpingo. Ndiye pakabuka kusamvana, womaliza kulankhula ndani? Mikangano yambiri yomwe timaitcha yachipembedzo m'sukulu zathu imaphukira pa funso limeneli.

Kuti timvetse, tibwerere m'mbuyo. Sukulu m'dziko muno sidabwere ndi boma, idabwera ndi mishoni. Mu 1875 amishonale a Free Church of Scotland, mmodzi mwa iwo Dr Robert Laws, adafika ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, ndipo kumeneko ndiko kudayambira sukulu ya mtundu womwe tikuudziwa lerowu. Mu 1876 a Church of Scotland adakhazikitsa mishoni ya Blantyre. A Anglican adamanga pa chilumba cha Likoma mu 1885, a Dutch Reformed adafika pa Mvera ku Dowa mu 1889, ndipo Akatolika adakhazikika pa Nzama ku Ntcheu mu 1901 ndi pa Mua ku Dedza mu 1902. Boma la atsamunda lidadzakhala ndi nthambi yoona zamaphunziro mu 1926. Zaka 51 zonsezo, wofuna kudziwa kulemba dzina lake ankagogoda pa khomo la mpingo.

Cholinga cha sukulu zoyambazo sichidali chobisika. Munthu adziwe kuwerenga kuti aziwerenga yekha Mawu a Mulungu. Nyumba ya udzu yomwe ana ankaphunziriramo pakati pa sabata ndi yomwenso ankapemphereramo Lamulungu, ndipo mphunzitsi ndiye adali mlaliki wa m'mudzimo. Tisanyoze ntchito imeneyo. Makalaliki, aphunzitsi, anamwino, ngakhale andale omwe adadzathamangitsa atsamunda, ambiri adasulidwa m'sukulu zimenezi.

Koma panali ena omwe khomo limeneli lidawawawa. Kumadera a kunyanja, ku Nkhotakota kwa a Jumbe ndi kwa mafumu achiyao monga Makanjira ndi Mponda, Chisilamu chidali chitazika kale mizu, ndipo ana ankaphunzira Qur'an kumadrasa. Makolo ambiri achisilamu adaona kuti mwana akapita kusukulu ya mishoni abwerako atabatizidwa, ndipo adasankha kumusunga pakhomo. Ena omwe adalimba mtima n'kupita ankatenga dzina lachikhristu kuti alembedwe m'kaundula. Zotsatira zake n'zakuti madera achisilamu adatsalira pa maphunziro a sukulu kwa mibadwo ingapo, ndipo chilonda chimenecho sichidapoleretu. Mayi wa ku Machinga akamakayikira sukulu ya mpingo lero, si kuti wayamba yekha. Adamva kwa agogo ake. M'chigawo chapakati namo zidaliko: m'zaka za m'ma 1920 amishoni ndi akuluakulu a gule wamkulu ankalimbirana anyamata, wina akuti kusukulu, wina akuti kudambwe.

(KANYIMBO KAFUPI)

MUULUTSI: Tidumphe tifike mu 1994. Chaka chimenecho dziko lidalandira malamulo aakulu atsopano. Gawo 33 lidapatsa munthu aliyense ufulu wa chipembedzo ndi chikumbumtima, gawo 25 lidati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo gawo 20 lidaletsa tsankho, kuphatikizapo la chipembedzo. Palinso gawo 13, lomwe anthu salitchula kawirikawiri, limene limaika kuthetsa kusalolerana pa zipembedzo ngati chimodzi mwa zolinga za maphunziro. Chaka chomwecho boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana omwe kale sankaponda pasukulu adadzaza m'makalasi ndi pansi pa mitengo, aliyense atanyamula chikhulupiriro cha kwawo. Sukulu zambiri zomwe zidawalandira zidali za mipingo.

Kusemphana Chichewa koyamba kudabuka cha m'ma 2000, ndipo kudali pa phunziro. Kuyambira kale ana ankaphunzira Bible Knowledge, yomwe aliyense amangoiti BK. Unduna wa zamaphunziro udakonza zoti kusekondale BK ilowedwe m'malo ndi phunziro latsopano la Religious and Moral Education, lophunzitsa za Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo. Atsogoleri a mipingo adakana kwamtuwagalu. Adati sadafunsidwe, chikhalirecho sukulu zambiri n'zawo. Poti mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo adali Msilamu, ena adafika poganiza kuti ndi chiwembu chofalitsa Chisilamu. Zoseketsa zake, a Muluziwo adaphunzira pa Malosa, sukulu ya a Anglican. Boma lidabweza moto, anthu adakhalirana pansi, ndipo adagwirizana kuti maphunziro onse awiri akhalepo.

Mpaka lero ndi momwe zilili. Kusekondale phunziro la chipembedzo ndi losankha. Kupulayimale mwana aliyense amaphunzira, ndipo sukulu imatenga limodzi mwa awiriwo, la Baibulo kapena la zipembedzo zosiyanasiyana. Mabungwe achisilamu akhala akupempha unduna kuti kupulayimale, makamaka kumadera komwe Asilamu ndi ochuluka, kuziphunzitsidwa la zipembedzo zonse lija. Mipingo nayo imati BK ndi mzati wa sukulu zake.

Pa ine ndekha, BK si phunziro loipa. Mwana amene wasanthula buku la Luka kapena Machitidwe a Atumwi waphunzira kuwerenga nkhani yaitali, kuitsatira ndi kuifotokoza, ndipo luso limenelo lidzamuthandiza ngakhale pa phunziro la mbiri. Msilamu akhoza kukhoza BK osasiya chikhulupiriro chake, ndipo alipo ambiri omwe adakhoza. Vuto limabwera mphunzitsi akasandutsa kalasi kukhala guwa, n'kuyamba kuuza ana a sitandade 5 kuti wosakhulupirira monga iye akapsa. Pamenepo si phunziro ayi, ndi ulaliki wolipiridwa ndi msonkho. Ndipo phunziro la zipembedzo zonse lija nalo lili ndi phindu lomwe timalinyalanyaza. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya anthu m'dziko muno, Akatolika 17.2 peresenti, a CCAP 14.2 peresenti. Palibe mpingo kapena gulu lomwe lili lokha. Mwana wa ku Ntchisi amene adzalembedwe ntchito ya unamwino ku Mangochi ndi bwino adziwiretu chifukwa chomwe wodwala wake akuzengereza kumwa mankhwala masana m'mwezi wa Ramadan.

(KANYIMBO KAFUPI)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za malo a chipembedzo m'sukulu za boma. Tsopano tifike pa nkhani yomwe idatentha kwambiri, ya hijab, mpango womwe atsikana ndi amayi achisilamu amafunda kumutu.

Mu Novembala 2019, pa sukulu ya pulayimale ya M'manga m'boma la Balaka, yomwe mwini wake ndi mpingo wa Anglican, atsikana ovala hijab adaletsedwa kulowa m'kalasi. Zinthu zidafika pa mwana wakana phala. Anthu adamenyana, ena adavulala, katundu adaonongeka mbali zonse ziwiri, ndipo maphunziro adaima. Mu Okutobala 2020, pa sukulu ya Akatolika ya Mpiri m'boma la Machinga, ofesi ya mphunzitsi wamkulu idatenthedwa pa nkhani yomweyo.

Timve mbali zonse mofatsa, chifukwa aliyense adali ndi mfundo. A mpingo ankati: malowa ndi athu, njerwa adaumba ndi akhristu athu, sukulu ili ndi yunifolomu ndi mwambo wake, ndipo wobwera pakhomo pa mwini amatsata za pakhomopo. Ankaopanso kuti akalola chimodzi, mawa kubwera china, mpaka sukulu idzatsala ndi dzina lokha la mpingo. Makolo achisilamu ankati: mwana wathu akatha msinkhu, chipembedzo chimamufuna afunde kumutu, sukulu yapafupi ndi yomweyi, ndipo aphunzitsi ake amalipidwa ndi boma lomwe ifenso timalisonkhera.

Mfundo ya mtunda imeneyi ndiyo anthu a m'tauni saimvetsa. Mu Lilongwe kapena mu Blantyre, kholo likakhumudwa ndi sukulu ina limangosamutsira mwana kwina. Kumudzi sizitero. Taganizirani mtsikana wa sitandade 7, wadzuka kusadache, watunga madzi, wasesa, wavala yunifolomu ndi mpango wake, wafika pasukulu belu la limu ya galimoto likulira pa mtengo wa mango. Anzake akulowa pa mzere, iye akumuuza kuti avule mpango kapena abwerere. Akavula, kunyumba akaonedwa ngati wopanda mwambo. Akabwerera, sukulu ina ili kutsidya kwa mtsinje womwe dzinja sawoloka. Sabata imodzi kukhala pakhomo, ziwiri, teremu yatha. M'madera omwe atsikana ambiri amasiyira sukulu panjira n'kukwatiwa adakali aang'ono, tonse tikudziwa komwe njira imeneyo imathera. Akuluakulu akamakangana za mwini sukulu, amene amalipira ndi mwana ameneyu, yemwe sadaumbe njerwa komanso sadalembe lamulo.

Ndinenenso mosapsatira kuti kutentha ofesi ya sukulu si kuteteza chipembedzo. Mu ofesi ya ahedi ndimo mumasungidwa kaundula, mabuku ndi zotsatira za mayeso a ana onse, ovala mpango ndi osavala omwe.

Chomwe chidathandiza ndi kukhalirana pansi. Bungwe la Public Affairs Committee, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992 ndipo limaphatikiza Akhristu ndi Asilamu, lidatsogolera zokambirana. Mu Juni 2021 atsogoleri a mbali ziwirizi adasainirana mgwirizano wolola atsikana kuvala hijab m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma, bola mtundu wake ugwirizane ndi yunifolomu ya pasukulupo. Taonani kuchepa kwa yankho lake: mtundu wa nsalu. Mpingo udasunga yunifolomu yake, mtsikana adasunga mpango wake. Zidatengera anthu kuvulala ndi nyumba kupsa kuti tifike pa chinthu chomwe telala wa pamsika akadatha kutiuza tsiku loyamba.

(KANYIMBO KAFUPI)

MUULUTSI: Asilamu ndi ochuluka, ali ndi mabungwe olimba, mawu awo amamveka. Nanga gulu likakhala laling'ono? Apa ndi pomwe pakubwera nkhani ya ana achirasta.

Kwa zaka zambiri sukulu za boma zinkabweza mwana aliyense wa madiredi, ati akamete kaye. Kwa Mrasta tsitsi limenelo si fasho. Ndi lumbiro, ndipo amalitenga m'Baibulo momwemo, m'buku la Numeri mutu 6, pa za mnaziri. Ndiye taonani chodabwitsa: mwana ankathamangitsidwa pa sukulu yophunzitsa Baibulo chifukwa chosunga zomwe makolo ake adawerenga m'Baibulo. Palibe lamulo la Nyumba ya Malamulo lomwe linkanena kuti wa madiredi asaphunzire. Chidali chizolowezi cha unduna chofuna ana aafupi tsitsi ndi ooneka aukhondo. Achikulire akukumbukira kuti nthawi ya a Kamuzu Banda mwamuna wa tsitsi lalitali ankalakwira lamulo. Lamulolo lidapita ndi ulamuliro wa chipani chimodzi, koma maganizo ake adatsalira m'sukulu. Ambiri a ife tikuidziwa sizasi ya aphunzitsi pa asembule, yodula kamsewu pakati pa mutu kuti ukafika kunyumba pasakhale kuchitira mwina koma kumeta mpala.

Ana awiri, wina wosankhidwira ku sekondale ya Malindi ku Zomba ndi wina wofuna malo pa Blantyre Girls Primary, nkhani yawo idakafika kubwalo lalikulu la milandu ku Zomba mothandizidwa ndi maloya omenyera ufulu wa anthu. Mu Januwale 2020 bwalo lidapereka chiletso chongoyembekezera chakuti ana achirasta azilandiridwa. Pa 8 Meyi 2023 woweruza Zione Ntaba adagamula kuti kukaniza ana a madiredi m'sukulu za boma n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo adalamula unduna kuti pofika pa 30 Juni chaka chomwecho ukhale utadziwitsa sukulu zonse. Omwe ankatsata nkhaniyi adati ana pafupifupi 1,200 ndi omwe adali kunja kwa sukulu pa chifukwa chimenechi. Chigamulo chidabwera, koma zaka zomwe ana aja adakhala pakhomo palibe woweruza angawabwezere.

Ena amati kulola zoterezi kuononga mwambo wa sukulu, kuti mawa aliyense abwera ndi zake. Nkhawa imeneyi si yopusa. Mphunzitsi wa ana 100 m'kalasi imodzi amadalira malamulo ofanana kuti zinthu ziyende. Koma tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali lamulo lomwe limathandiza kuphunzira: kufika nthawi yabwino, kusamba, kulemba ntchito, kulemekeza aphunzitsi. Limenelo ligwire aliyense, wa mpango, wa madiredi, wa korona m'khosi. Ndiye pali lamulo lomwe ntchito yake ndi kuti ana onse azioneka ngati ana a mwini sukulu. Limenelo likafika potsekera mwana kunja, pa sukulu yoyendera msonkho wa aliyense, ndiye kuti lapitirira malire ake. Mayi wogula sopo pagolosale kapena mayunitsi a foni amadulidwa msonkho osafunsidwa komwe amapemphera.

Sindikunena kuti chipembedzo chichotsedwe m'sukulu. M'dziko muno zimenezo sizingatheke, ndipo makolo ambiri sangazifune. Nyimbo ya fuko lathu, yomwe adapeka a Michael Sauka ndipo ana amaiimba pa asembule kuyambira 1964, imayamba ndi pemphero. Mipingo yomwe idamanga sukulu ili ndi ufulu wosunga dzina lake, mapemphero ake ndi khalidwe lomwe imafuna kuphunzitsa. Koma pemphero la pa asembule likhale loitana, lisakhale chiphaso cholowera m'kalasi. Ndipo Mkhristu amene akuona ngati nkhaniyi siikumukhudza akumbukire kuti ziliponso sukulu za Asilamu zothandizidwa ndi boma, komanso midzi yomwe mwana wachikhristu ndiye amakhala yekha m'kalasi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zilipo zina zing'onozing'ono zomwe sizifika m'nyuzipepala koma ahedi amakumana nazo teremu iliyonse. Lachisanu masana anyamata achisilamu amafuna kukaswali kumzikiti, pamene mphunzitsi wa masamu waika mayeso nthawi yomweyo. Loweruka a sitandade 8 amaitanidwa ku makalasi apadera okonzekera mayeso, pamene mwana wa Seventh Day ali ku Sabata. Mwana wa Mboni za Yehova amaima chete anzake akamaimba nyimbo ya fuko, ndipo mphunzitsi wosadziwa amaona ngati ndi mwano, n'kumupatsa khasu akalime. Dziko lino lili ndi mbiri yowawa pa a Mboni, omwe adaletsedwa mu 1967 ndipo ambiri adathawira ku Mozambique ndi ku Zambia, choncho mphunzitsi ayenera kuganiza kawiri asadatole chikwapu. Ndiye pali mwana wochokera kubanja la gule wamkulu, amene amamva mphunzitsi akutcha mwambo wa atate ake kuti n'zausatana, pamene bungwe la UNESCO lidauzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Akuluakulu a kudambwe nawo ali ndi mbali yawo: chinamwali chikagwa pakati pa teremu, kapena zilombo zikamathamangitsa ana panjira ya kusukulu, wolakwiridwa ndi mwana yemwe uja. N'chifukwa chake mafumu m'madera angapo adaika malamulo a m'mudzi oti zinamwali zizichitika nthawi ya tchuthi.

Zambiri mwa izi sizifuna woweruza kapena nduna. Zimathera pa tebulo la ahedi, pa kusuntha mayeso a Lachisanu kuwaika m'mawa, kapena kupatsa mwana wa Sabata zolemba zomwe anzake aphunzira Loweruka. Ndipo makolo ambiri sadziwa kuti ali ndi mawu pa nkhani ya phunziro la chipembedzo lija. Pa sukulu za boma, komiti ya sukulu, yomwe makolo amasankha pa msonkhano wa PTA, ndiyo ili ndi mphamvu yonena kuti ana aphunzire la Baibulo kapena la zipembedzo zosiyanasiyana. Pa sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma, bodi yoikidwa ndi eni sukulu ndiyo imasankha, komabe makolo ali ndi ufulu wofunsa ndi kupereka maganizo awo. Vuto ndi loti misonkhano imeneyi timapitako tikamva kuti pali nkhani ya ndalama ya chitukuko kapena ya phala, ndipo mpando wa komiti timausiyira aliyense amene wakweza dzanja. Msonkhano wotsatira ukaitanidwa, kafunseni kuti ana anu akuphunzira liti mwa maphunziro awiriwa, adasankha ndani, mabuku ake alipo angati, ndipo mphunzitsi wake adaphunzitsidwa kuphunzitsa za chipembedzo chomwe si chake kapena ayi.

Nthawi yathu yathera pamenepa.

(NYIMBO YOTSEKERA)